Kucokera ku Utqiagvik Kufika ku Longyearbyen: Phunziro la Kutalika kwa Njira ndi Nthawi ya Ulendo

Munthu wofuna kuyenda ulendo afunsa mafunso awiri asananyamuke. Loyamba ndi lakuti, "Kodi kumeneko nkutali bwanji?" Laciwiri ndi lakuti, "Kodi ndidzafika liti?" Anthu ambiri ayesa kuti mafunso awa ndi amodzi, koma si tero ai. Mudzi wa patsidya pa mtsinje uli pafupi m'malimwe, pakuti munthu aoloka pamcenga nafika dzuwa lisanatenthe. Koma m'dzinja, madzi atadzala, ayenera kuzungulira kukafuna mlatho, natha tsiku lonse ali panjira. Mudziwo sunasunthe, koma nthawi ya ulendo yasintha.

Comweconso ndi maulendo a pandeke. Kungakhale kuti m'mlengalenga mulibe mitsinje kapena matope, pali zinthu zina zimene zitalikitsa ulendo. Phunziro ili litenga mabwalo awiri a ndeke a kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, kudera lozizira limene licedwa Arctic, ndipo lionetsa m'mene anthu ayesera kutalika kwa njira ya pakati pace, ndi m'mene awerengera nthawi ya ulendo.

1. MIDZI IWIRIYO

Mudzi woyamba ndi Utqiagvik, umene uli kunsonga ya kumpoto ya Alaska, m'dziko la United States. Kwa zaka zambiri unadziwika ndi dzina lakuti Barrow, koma m'caka ca 2016 eni mudzi anabwezera dzina la makolo ao. Ambiri a iwo ndi a mtundu wa Iñupiat, amene kuyambira kale adya nyama za m'nyanja, makamaka anamgumi. Pa kalembera wa 2020 munapezeka anthu pafupifupi 4,900. Palibe mseu wa galimoto wolumikiza mudziwu ndi mizinda yina ya Alaska. Katundu wolemera abwera pa zombo m'nyengo yofunda, madzi oundana atasungunuka, ndipo zotsala zonse zibwera pandeke. Bwalo lace la ndeke linachedwa maina a Wiley Post ndi Will Rogers, amene anafa pangozi ya ndeke pafupi ndi mudziwo pa 15 Ogasiti 1935. Post ndiye anali munthu woyamba kuzungulira dziko lonse pandeke ali yekha, m'caka ca 1933.

Mudzi waciwiri ndi Longyearbyen, pa cisumbu ca Spitsbergen, cimodzi ca zisumbu za Svalbard zimene zilamulidwa ndi dziko la Norway. Unayamba m'caka ca 1906 monga mudzi wa okumba malasha a pansi, ndipo dzina lace licokera kwa John Munro Longyear wa ku America, amene anali mwini wa migodi yoyamba. Mukhala anthu ngati 2,500. Bwalo lace la ndeke linatsegulidwa m'caka ca 1975, ndipo palibenso bwalo lina kumpoto kwa limeneli kumene munthu wamba angagule tikiti nafikako pa ndeke ya apaulendo. Lisanamangidwe bwaloli, nyanja ikauma m'nyengo yacisanu zombo zinali kuleka kufika kwa miyezi yambiri. Paphiri la pafupi ndi bwalolo pali nkhokwe yaikulu ya mbeu, yokumbidwa m'thanthwe, imene inatsegulidwa m'caka ca 2008. M'menemo asunga mbeu za cimanga, mapira, mpunga, nyemba ndi zina za maiko ambiri, kuti zingatayike kwao pa nkhondo kapena pa cilala.

M'midzi iwiriyi dzuwa licita zacilendo. Ku Utqiagvik lilowa capakati pa Novembala, osaonekanso kufikira kumapeto a Januwale, ndiwo masiku ngati 65. Ndipo kuyambira mu Meyi kufikira kuciyambi kwa Ogasiti sililowa konse. Ku Longyearbyen mdima ukhalitsa koposa, kuyambira kumapeto a Okutobala kufikira pakati pa Febuluwale, ndipo dzuwa likhala losalowa kuyambira ca pa 20 Epulo kufikira kumapeto a Ogasiti.

2. KAYESEDWE KA KUTALIKA

Palibe munthu amene anatambasula cingwe kucokera ku Utqiagvik kufika ku Longyearbyen, pakuti pakati pace pali nyanja ya mcere yokutidwa ndi madzi oundana. Kutalikako kudziwika ndi masamu, ndipo masamuwo mwana wa sukulu akhoza kuwacita.

Dziko lapansi liri lobulungira ngati dzungu. Pakati pace akatswiri ayerekeza mzere wolizinga ngati lamba, umene ucedwa Ikweta. Pamwamba pace, pamene dzungu likhala ndi phesi, ndipo pa Nsonga ya Kumpoto, imene pa Cingerezi aicha North Pole. Kucokera pa Ikweta kufika pa Nsongayo anagawa magawo 90 ofanana, ochedwa madigiri, ndipo digiri imodzi iri ndi makilomita ngati 111, kapena mamailosi 69.

Utqiagvik uli pa madigiri 71.3 kumpoto kwa Ikweta. Kucotsa 71.3 pa 90 patsala 18.7; awa ndiwo madigiri otsala kuti munthu afike pa Nsonga, ndiwo makilomita pafupifupi 2,090. Longyearbyen uli pa madigiri 78.2, ndipo patsala 11.8, ndiwo makilomita pafupifupi 1,310.

Tsono pali cinthu cina cofewetsa masamuwa. Midzi iwiriyi iri moyang'anizana, wina mbali yino ya Nsonga, wina mbali inayo, monga nyumba ziwiri zokhala ndi culu pakati pao. Njira yowongoka ya pakati pace ipita pafupi ndithu ndi Nsongayo, niiphonya ndi makilomita ngati 110 okha. Cifukwa cace nkokwanira kuphatikiza mitunda iwiri ija: 2,090 ndi 1,310 zipanga makilomita 3,400, ndiwo mamailosi ngati 2,100. Mtunda uwu ulingana ndi kuyenda mseu wa ku Lusaka kufika ku Chipata kasanu ndi kamodzi.

Woyenda njira imeneyi aona cinthu codabwitsa. Anyamuka ku Utqiagvik ali kuyang'ana kumpoto, ndipo osakhota konse, atapitirira pa Nsonga apeza kuti ali kunka kumwera. Nciani cicititsa? Munthu wokwera culu akwera kufikira pamwamba, ndipo akapitirira ayamba kutsika, ngakhale sanatembenuke. Munthu woima pa Nsonga yeniyeniyo, kuli konse kumene ayang'ana ndi kumwera.

3. MAPU A PAPEPALA ANYENGA MASO

Woyang'ana mapu a dziko lonse opacikidwa pakhoma la sukulu sangaone njira imeneyi. Pamapu otere Alaska ali kumapeto a kumanzere, Svalbard ali capakati, ndipo cioneka ngati njira yaifupi ndiyo kunka kum'mawa, kudutsa pamwamba pa Canada ndi Greenland. Koma wotsata njira yotero, osasendera kumpoto, angayende makilomita pafupifupi 5,000.

Colakwa ciri m'pepala. Cikopa ca dzungu sicingayalidwe pansi osang'ambika kapena kukokedwa. Wojambula mapu wochuka, Gerardus Mercator, amene anaturutsa mapu ace m'caka ca 1569, anakoka maiko a kumpoto ndi a kumwera kuti akwane papepala la ngodya zinai. Mapuwo anathandiza amalinyero, koma akulitsa maiko ozizira kopambana, kotero kuti Greenland aoneka ngati alingana ndi Afrika, pamene Afrika ali wamkulu kuposa Greenland ka 14.

Wofuna kutsimikiza atenge dzungu kapena mpira, alembe madontho awiri pafupi ndi phesi, lina mbali yino, lina mbali inayo, nakoke ulusi pakati pa madonthowo kufikira utalimba. Ulusiwo sudzazungulira m'mbali ai, udzadutsa pamwamba. Njira ya ulusi wokokedwa ndiyo yaifupi koposa zonse pa cinthu cobulungira, ndipo ndiyo imene oyendetsa ndeke ayesa kutsata.

4. OYAMBA KUOLOKA

Oyamba kuoloka nyanja imeneyi m'mlengalenga anali Roald Amundsen wa ku Norway, Lincoln Ellsworth wa ku America ndi Umberto Nobile wa ku Italy, pamodzi ndi anzao, onse anthu 16. Sanakwere ndeke ya mapiko, koma cibaluni cacikulu cokhala ndi mainjini, dzina lace Norge. Ananyamuka ku Ny-Ålesund, pa cisumbu comweco ca Spitsbergen, pa 11 Meyi 1926, napita pa Nsonga pa 12 Meyi, naona gombe la Alaska pafupi ndi Barrow atatha masiku ngati awiri. Nkhungu ndi mphepo zinawasautsa, ndipo anakatera ku mudzi wa Teller atakhala m'mlengalenga maora ngati 72.

Patapita zaka ziwiri, George Hubert Wilkins wa ku Australia ndi Carl Ben Eielson wa ku America anayesa ulendowo ndi ndeke yaing'ono ya injini imodzi, ya mtundu wa Lockheed Vega, imene m'malo mwa mikombero inali ndi matabwa aatali otsetsereka pa cipale cofewa. Eielson ndiye anali woyendetsa, Wilkins wolondola njira. Cimene anafuna kudziwa ndi ici: kodi pakati pa nyanja youmayo pali dziko lina losadziwika? Anthu ena a nthawi imeneyo anali kukhulupirira kuti liripo.

Ananyamuka ku Barrow pa 15 Epulo 1928. Sanalunjike pa Nsonga, koma anapatukira kudzanja lamanja, mbali ya Canada ndi Greenland, kumene kunali dera losaonedwa ndi munthu. Cifukwa cace njira yao inatalika pang'ono, nikwana makilomita ngati 3,500. Wilkins anali kuyesa kutalika kwa dzuwa ndi cipangizo ca m'manja, nawerengera papepala, nauza mnzace pokhota. Anaona mapiri a cisumbu ca Ellesmere pamene anayembekeza kuwaona, ndipo anadziwa kuti sanasocere. Dziko latsopano sanalipeze. Anaona madzi oundana okha okha.

Atatha maora 20 ndi theka anafika ku Spitsbergen, koma anapeza namondwe woopsa, mafuta ali pafupi kutha. Anatera pamalo opanda anthu, nakhala m'kati mwa ndeke yao masiku asanu, kulinda kuti mphepo ileke. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha; akadaumirira kuuluka m'namondwemo akadatayika. Kutaca bwino, ndeke inakana kusuntha anthu awiriwo ali m'kati, pakuti matabwa aja anamatirira pansi. Wilkins anatsika kukakankha, ndipo kawiri konse ndeke inanyamuka nimsiya pansi, kotero kuti Eielson anabwerera kudzamtenga. Kacitatu anakankha ndi mtengo, mwendo umodzi uli m'kati, ndipo ananyamuka onse awiri, nakatera ku Green Harbour, kumene kunali nyumba ya wailesi, si kutali ndi Longyearbyen.

Apa mafunso awiri aja asiyana poyera. M'mlengalenga anakhala maora 20 ndi theka. Koma kucokera tsiku lonyamuka kufikira tsiku loonana ndi anthu panapita pafupifupi sabata lathunthu.

5. KUWERENGERA NTHAWI

Lamulo lace ndi ili: munthu agawe kutalika kwa njira ndi liwiro la coyendera, ndipo cotsatira ndico nthawi. Liwiro ndiwo mtunda umene cinthu ciyenda pa ora limodzi kapena pa tsiku limodzi.

Kukadakhala njira ya pansi, munthu woyenda makilomita 30 pa tsiku akadatha masiku 113. Wa njinga wopalasa makilomita 80 pa tsiku akadatha masiku 43. Ndeke ya Wilkins inayenda makilomita 3,500 pa maora 20 ndi theka, ndiko kunena makilomita ngati 170 pa ora. Ndeke yaikulu ya makono iyenda makilomita ngati 800 pa ora; kugawa 3,400 ndi 800 kupatsa maora 4 ndi mphindi 15, ndipo poonjezapo nthawi ya kukwera ndi kutsika, pamene ndeke iyenda pang'onopang'ono, akwana maora ngati 4 ndi theka.

Koma mphepo nayo iri ndi mau. Ndeke iyenda m'mphepo monga bwato liyenda m'madzi: lotsata madzi lifulumira, lokwera mtsinje licedwa. Mphepo ya makilomita 100 pa ora ikakhala patsogolo, ndeke ija itsala ndi liwiro la 700, ndipo itha maora 4 ndi mphindi ngati 50. Mphepo yomweyo ikakhala pambuyo, liwiro lifika 900, ndipo ulendo utha maora 3 ndi mphindi ngati 45. Njira ndi imodzi, ndeke ndi imodzi, koma ulendo wopita ndi wobwera usiyana ndi ora lathunthu. Cifukwa cace woyendetsa ndeke afunsa za mphepo asanathire mafuta, ndipo atenga mafuta oposa a ulendo wace, kuti akalephera kutera akhoze kunka ku bwalo lina.

6. ULENDO WA MUNTHU WA LERO

Wowerenga angayese kuti tsono munthu wa ku Utqiagvik afika ku Longyearbyen pa maora 4 ndi theka. Koma palibe ndeke ya apaulendo yoyenda pakati pa midzi iwiriyi. Wofuna kupita ayenera kuyamba wanka kumwera, kufulatira kumene afuna. Imodzi ya njira zace ndi iyi:

Utqiagvik kufika ku Anchorage: makilomita ngati 1,160, maora ngati 2.
Anchorage kufika ku Seattle: makilomita ngati 2,330, maora ngati 3 ndi theka.
Seattle kufika ku London: makilomita ngati 7,700, maora ngati 9 ndi theka.
London kufika ku Oslo: makilomita ngati 1,200, maora ngati 2.
Oslo kufika ku Longyearbyen: makilomita ngati 2,010; maora ngati 3.

Zonse pamodzi zikwana makilomita 14,400, kuposa kanai njira yowongoka ija, ndipo maora a m'mlengalenga akwana 20. Nci cinthu coyenera kucilingalira. Ndeke za lero zithamanga pafupifupi kasanu kuposa ya Wilkins, koma munthu wa lero akhala m'mlengalenga maora olingana ndi a Wilkins a m'caka ca 1928, cifukwa ca kuzungulira. Poonjezapo nthawi ya kulinda ndeke yina pa bwalo liri lonse, ulendowo ufika tsiku ndi theka, kapena masiku awiri.

7. ZOLETSA NJIRA YOWONGOKA

Coletsa coyamba ndi kucepa kwa anthu. Ndeke yaikulu idya mafuta ambiri, ndipo eni ace saituma kumene kulibe okwera okwanira. Anthu a ku Utqiagvik ali ndi abale ndi masitolo ku Anchorage; a ku Longyearbyen ali nazo ku Tromsø ndi ku Oslo. Njira za ndeke zitsata kumene anthu ali ndi zocita, monga njira za pamudzi zipondeka zonka kucitsime ndi kumunda.

Caciwiri ndi kusowa potera. Ndeke ikadwala panjira ifuna bwalo lapafupi. Kumbali imeneyo kuli mabwalo owerengeka: Alert m'dziko la Canada, Station Nord ndi Pituffik ku Greenland. Onsewa ndi a asilikali, osati a apaulendo, ndipo Pituffik ndilo limene linali kuchedwa Thule kufikira 2023. Ngakhale ndeke itatera bwino pamalo otere, kusunga anthu ambiri m'cisanu cotero kufikira itabwera yina yowatenga ndi nchito yaikulu.

Cacitatu ndi kampasi. Singano ya kampasi siloza ku Nsonga yeniyeni ya dziko, koma ku malo ena amene akoka citsulo. James Clark Ross anafika pamalo amenewo m'caka ca 1831, kumpoto kwa Canada. Koma malowo asuntha caka ndi caka, ndipo tsopano anacoka ku Canada, ali kusendera ku Siberia. Pafupi ndi malowo singano ifooka nizungulira cabe, ndipo woikhulupirira asocera. Pamene kampani ya SAS inayamba kutenga apaulendo kucokera ku Copenhagen kunka ku Los Angeles podzera ku Greenland m'caka ca 1954, ndi kunka ku Tokyo podzera ku Anchorage m'caka ca 1957, olondola njira anadalira dzuwa, nyenyezi ndi cipangizo cozungulira ngati nguli cimene cisunga mbali imodzi osasintha. Masiku ano ndeke zidziwa pamene ziri mwa makina ozungulira dziko kuthambo, ochedwa GPS. Vuto ili lacepa, koma oyendetsa aphunzirabe njira zakalezo.

Cacinai ndi kuzizira. Madzi auma pa digiri 0, ndipo mafuta a ndeke zazikulu ochedwa Jet A-1 ayamba kuuma pa madigiri 47 pansi pa 0. Kumwamba kumene ndeke ziyenda mphepo ikhoza kuzizira koposa pamenepo. Woyendetsa ayang'anira kutentha kwa mafuta ace, ndipo akaona kuti azizira kopitirira atsitsa ndeke kapena kuonjeza liwiro. Pansi napo ndeke siinyamuka mapiko ali ndi madzi oundana. Ayamba awatsuka ndi mankhwala, ndipo nthawi ipita.

Cacisanu ndi kusaona. Nkhungu icuruka m'mbali mwa nyanja yozizira. Nthawi zina mitambo yoyera ikumana ndi cipale coyera ca pansi, kotero kuti diso silisiyanitsa thambo ndi nthaka. Post ndi Rogers aja anasocera m'nkhungu, natera pathamanda kufunsa njira, ndipo ponyamukanso injini inaleka, nagwa. Pa 29 Ogasiti 1996 ndeke yocokera ku Moscow, yonyamula anchito a m'migodi ndi mabanja ao, inagunda phiri la Operafjellet potsikira ku Longyearbyen, ndipo anthu onse 141 anafa. Cifukwa ca zinthu zotere, ndeke zicedwa kapena kubwerera nyengo ikaipa, ndipo wapaulendo wanzeru sadandaula.

Bwalo lenileni nalonso lifuna kusamalidwa. Nthaka ya kumeneko iri youma ndi cisanu caka conse, koma ya pamwamba isungunuka m'nyengo yofunda niumanso, ndipo potero itukula ndi kutsitsa msewu wa ndeke, umene uyenera kukonzedwa kawirikawiri.

8. WOCHI YA KUNO NDI WOCHI YA UKO

Patsala cinthu cimodzi cosokoneza owerengera nthawi. Dziko lizungulira kamodzi pa maora 24, ndipo dzuwa silituruka nthawi imodzi ponse ponse. Cifukwa cace maiko achera mawochi ao mosiyana. Wochi ya ku Longyearbyen iri patsogolo pa ya ku Utqiagvik ndi maora 10 pafupifupi caka conse. Ya ku Zambia ilingana ndi ya ku Longyearbyen kuyambira kumapeto a Marichi kufikira kumapeto a Okutobala, ndipo miyezi yotsalayo itsogola ndi ora limodzi, pakuti a ku Norway asuntha mawochi ao kawiri pa caka.

Tsono ndeke itanyamuka ku Utqiagvik pa 8 koloko m'mawa, niyenda njira yowongoka maora 4 ndi theka, wochi ya padzanja la wokwera idzati hafu pasiti 12 masana, koma ya pakhoma ku Longyearbyen idzati hafu pasiti 10 usiku. Pobwerera zitembenuka: wonyamuka ku Longyearbyen pa 12 koloko masana adzafika ku Utqiagvik pa hafu pasiti 6 m'mawa wa tsiku lomwelo, monga ngati wafika asananyamuke. Palibe matsenga pamenepa. Maora a ulendo ali 4 ndi theka mbali zonse ziwiri. Asiyana ndi mawochi okha. Wowerenga tikiti ya ndeke akumbukire kuti nthawi yonyamuka ilembedwa mwa wochi ya kumene acokera, ndipo yofika mwa wochi ya kumene anka. Safunsa anadya phula.

9. KUFUNIKA KWACE KWA MASAMUWA

Kwa anthu a midzi iwiriyi kuwerengera maora a ndeke si masewera. Cipatala ca ku Longyearbyen ndi cacing'ono, ndipo wodwala kwambiri kapena wobvulala amtengera pandeke ku Tromsø, mtunda wa makilomita ngati 960, ulendo woposa ora ndi theka. Amai oyembekezera auzidwa kuti aoloke nyanja masabata angapo tsiku lao lisanafike, kuti akacirire kumene kuli cipatala cacikulu. Ku Utqiagvik nakonso odwala kwambiri awatumiza ku Anchorage. Dokotala wofuna kutumiza wodwala safunsa makilomita okha. Afunsa ngati ndeke iripo, ngati nkhungu yacoka, ndi maora amene wodwalayo angapirire. Zakudya zatsopano, mankhwala ndi makalata nazo zilinda mayankho a mafunso omwewo.

ZOYENERA KUKUMBUKIRA

Kutalika kwa njira yowongoka ya pakati pa Utqiagvik ndi Longyearbyen ndi makilomita ngati 3,400, ndipo sikusintha. Nthawi ya ulendo isintha monga mwa liwiro la ndeke, mphepo, nyengo ndi njira imene iripo. Wilkins ndi Eielson anauluka maora 20 ndi theka m'caka ca 1928. Ndeke ya makono yowongoka ikadatha maora ngati 4 ndi theka. Koma wapaulendo wa lero, pozungulira makilomita 14,400, akhala m'mlengalenga maora ngati 20.

MAFUNSO

1. Digiri imodzi iri ndi makilomita angati? Alert ali pa madigiri 82.5 kumpoto kwa Ikweta. Atalikirana bwanji ndi Nsonga ya Kumpoto?
2. Cifukwa ninji mapu a papepala saonetsa njira yaifupi ya pakati pa midzi iwiriyi?
3. Wilkins ndi Eielson anafuna kudziwa ciani, ndipo anapeza ciani?
4. Ndeke yoyenda makilomita 500 pa ora ingathe maora angati pa njira ya makilomita 3,400? Nanga itakumana ndi mphepo ya patsogolo ya makilomita 75 pa ora?
5. Zinthu zisanu zoletsa kapena kucedwetsa ndeke kudera lozizira ndi ziti?
6. Ku Utqiagvik ikakhala 7 koloko m'mawa, ku Longyearbyen iri nthawi yanji?